Kuveka chikopa chatsopano kabokosi ka pakati pa mipando ya galimoto

Akonzi,

Tipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi eni magalimoto muno mu Lusaka, komanso achinyamata amene akuphunzira ntchito yosoka mipando. Nkhani yathu ndi ya chivundikiro cha kabokosi kamene kali pakati pa mpando wa dalaivala ndi wa pasenjala, paja potsamira chigongono. Ife ndife osoka mipando ya magalimoto, ndipo zivundikiro zambiri zimafika kwa ife zitadutsa kale m'manja mwa wina. Mwini wake anagula chikopa chatsopano, n'kuchiveka pamwamba pa chakale chong'ambikacho, ndipo pasanapite nthawi chatupa, chamatuka m'makona, mwinanso chivundikiro chakana kutsekeka. Iye amadandaula kuti anamugulitsa chikopa chachabe. Nthawi zambiri chikopacho chilibe mlandu, vuto limakhala pansi pake pamene sipanakonzedwe.

Magalimoto ochuluka m'misewu yathu, monga Corolla, Allion, Premio, Mark X, Noah ndi Harrier, anachokera ku Japan atagwira kale ntchito zaka zingapo, ambiri kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Nakonde. Chiwongolero chili kumanja, choncho chigongono chamanzere cha dalaivala ndicho chimadya chivundikirochi, ndipo kutha kumayambira kutsogolo mbali ya kumanja. Chivundikiro chili ndi zigawo zitatu: pulasitiki yolimba pansi, siponji pakati, ndi chikopa pamwamba. Pa magalimoto ambiri chikopacho si cha ng'ombe ayi, ndi lekisini wokhala ndi kansalu kuseri. Lekisini wa PVC amafewa chifukwa cha mankhwala amafutamafuta amene anasakanizamo pomupanga. Galimoto ikamakhala padzuwa la mu Okutobala mawindo ali otseka, mankhwalawo amauluka pang'onopang'ono, lekisini n'kuuma mpaka kuchita ming'alu. Wa mtundu wa PU sachita ming'alu kwenikweni koma amasupuka, chifukwa chinyezi ndi thukuta zimaononga kakhungu kake ka pamwamba. Mafuta odzola m'manja amafulumizitsa zonsezi. Mng'alu ukangotseguka, thukuta ndi fumbi zimalowa mu siponji, siponjiyo n'kuyamba kufumbutuka.

Musanagule chilichonse, kanikizani chivundikirocho ndi chala chachikulu malo angapo. Pakabwerera msanga, siponji idakali ndi moyo ndipo ntchito ndi ya chikopa chokha. Pakatsala dzenje, kapena chala chikamva pulasitiki, dziwani kuti chikopa chilichonse chimene mungaikepo chidzatsatira dzenjelo.

Tinenepo pang'ono za zovala zongoveka, zija zomangira ndi malamba a lasitiki. N'zabwino poteteza chivundikiro chimene chidakali bwino, makamaka pa mataxi. Pa chong'ambika kale sizithandiza, zimangobisa. Lasitiki amatha mphamvu ndi kutentha, chovalacho n'kumaterereka, ndipo lamba akadutsa pafupi ndi kaloko chivundikiro chimatseguka chokha galimoto ikagunda hampu. Njira ina ndi kugula chivundikiro chathunthu kwa ophwasula magalimoto. Ikapezeka ndi njira yachidule, koma pitani ndi chanucho m'manja mukayerekeze, ndipo dziwani nambala ya mtundu wa galimoto yanu, imene ili pa kachitsulo ka mu boneti kapena pa mzati wa chitseko. Allion ya NZT240 ndi ya NZT260 zili ndi dzina limodzi koma mkati mwake n'mosiyana, chimodzimodzinso Mark X ya GRX120 ndi ya GRX130. Kumbukiraninso kuti chivundikiro cha kwa ophwasula chili ndi zaka zofanana ndi chanucho, ndipo mwina chagona padzuwa kuposa chanu. Oitanitsa chikopa chosokasoka pa intaneti achenjere pa mfundo yomweyi. Zambiri zinadulidwira magalimoto ogulitsidwa ku America, ndipo Corolla ya kumeneko sifanana kabokosi nthawi zonse ndi ya ku Japan ya chaka chomwecho.

Ife timalimbikitsa kuchotsa chivundikiro m'galimoto n'kuchiveka chili patebulo. Lekisini wa theka la mita ndi wokwanira, amatsalanso woti mudule kachiwiri ngati koyamba mwaphonya. Pogula, kaya ndi ku Kamwala kaya kwina, funsani wa magalimoto, osati wa masofa a m'nyumba, chifukwa wa masofa sanapangidwire dzuwa. Mukokeni m'litali ndi m'lifupi. Wabwino ali ndi kansalu koluka kuseri ndipo amatamuka kwambiri mbali imodzi kuposa inayo. Mupindeni mwamphamvu, akayera popindapo musiyeni. Mufunikanso siponji yopyapyala ya mamilimita 3 mpaka 5, kachidutswa ka siponji yolimba yotsekera maenje, guluu wopaka mbali ziwiri wopirira kutentha, sandipepa ya nambala 80 ndi ya 180, spiriti wopukutira, choko, lumo, mpeni wakuthwa, pulayazi, sikuludiraiva ya sitala ndi ya fulati, tepi ya pepala, mapegi oyanikira zovala, ndi sitepula yokhala ndi mapini a mamilimita 4 mpaka 6.

Jambulani ndi foni chilichonse musanamasule, makamaka mmene kasipuling'i ka kaloko kakhalira. Mukatsegula chivundikiro mudzaona kuti kunsi kwake kuli mbale ya pulasitiki yomangidwa ndi masikuluu ang'onoang'ono, ena obisika pansi pa timphira kapena tizitsekero. Magalimoto a ku Japan amagwiritsa ntchito a sitala, pamene a ku Germany monga Volkswagen ndi BMW amakonda a Torx, a kabowo ka nsonga zisanu ndi imodzi pamutu, kawirikawiri a saizi T15 kapena T20. Masikuluu a ku Japan sachedwa kudyeka mutu ngati sikuludiraiva ili yaing'ono kapena yakutha, choncho kanikizani mwamphamvu musanapotoze. Hinje imamangidwa kumbuyo kwa kabokosi, ndipo pa magalimoto ena muyenera kuyamba mwachotsa chikuto chakumbuyo, chija choyang'ana okhala mpando wakumbuyo, kuti muwafikire masikuluu ake. Chikutocho chimagwiridwa ndi makilipi. Kulungani nsonga ya sikuludiraiva ya fulati ndi tepi, ilowetseni pafupi ndi kilipi, ndipo kankhani pang'onopang'ono. Pulasitiki ya zaka 15 kapena 20 imakhala itauma, ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni imathyoka msanga. Ntchitoyi igwireni masana galimoto itafunda.

Chenjezo limodzi lisatidutse. Pochotsa chivundikiro chokha simufunika kukhudza mawaya. Koma ngati mwaganiza zochotsa kabokosi konse, dziwani kuti pa magalimoto ambiri kakompyuta koyendetsa ma airbag, matumba a mpweya aja otuluka pa ngozi, kamakhala pansi pomwepo, pakati pa mipando kapena kutsogolo kwa giya, ndipo mapulagi ake ndi achikasu. Zimitsani galimoto, chotsani waya wa negetivu pa batire, ndipo dikirani. Toyota imanena masekondi 90. Mapulagi achikasuwo musawazule, musawayesenso ndi tesita.

Chivundikiro chikafika patebulo, chotsani mbale ya kunsi ija, ndipo masikuluu muwabaye pa katoni motsatira malo awo chifukwa salingana kutalika. Lalitali likalowa malo a lalifupi limatulukira pamwamba n'kuboola chikopa chatsopano. Tsopano muona mmene a kufakitale anagwirira chikopa chakale. Ngati ndi mapini, azuleni limodzilimodzi ndi sikuludiraiva yaing'ono ndi pulayazi, osasiya zidutswa. Chikopa chakalecho musachitaye kapena kuching'amba, ndicho patani yanu. Lembani ndi choko kutsogolo, kumbuyo ndi pakati pake musanachichotse.

Pa zivundikiro zina siponji inathiridwa mkati mwa chikopa ku fakitale, moti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Mukakoka chikopa, siponji imabwera nayo m'zibenthuzibenthu. Zikatere musalimbane nacho. Siyani chikopa chakale pamwamba, dulani milomo yonse ya ming'alu imene yatukuka, tsekani maenje, palani ndi sandipepa mpaka dzanja lisamve chokwera, kenako muyale siponji yopyapyala. Koma m'mphepete ndi kunsi, pamene chikopa chimapindikira, chakalecho chidulidwe ndithu. Mukachisiya, zikopa ziwiri zimaunjikana, mbale ya kunsi sikhala bwino, ndipo kaloko sikafika pokola. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene zivundikiro zovekedwa kunyumba zimakanira kutsekeka.

Kukonza siponji ndiko kumatenga nthawi yaitali pa ntchito yonseyi, ndipo ndiko ambiri amakudumpha. Pamene yafumbutuka, dulani mpaka mufike pa yolimba, ndipo dzenjelo likhale la makona anayi, la m'mbali moongoka, kuti chigamba chikhale bwino. Chigambacho chikhale chotalikirapo pang'ono kuposa malo ozungulira. Chimateni, chisiyeni chiume, ndiyeno muchisenge ndi mpeni ndi kuchipala ndi sandipepa ya 80 mpaka chilingane ndi pena ponse. Siponji ya matiresi isakunyengeni chifukwa chopezeka mosavuta. Ndi yofewa kwambiri, imaphwa msanga pansi pa chigongono, dzenje lija n'kubwerera. Mukamaliza, yalani siponji yopyapyala pamwamba ponse kuti ibise msoko wa chigamba, koma ithere m'mphepete, isapindikire kunsi. Pomata siponji, guluu akhale wochepa. Wambiri amalowa mkati, n'kuuma gwa, ndipo malowo amamveka ngati kamwala pansi pa chikopa. Ena amafuna potsamira pofewa kwambiri n'kuika siponji ya masentimita 2. Asanatero ayeze ndi handibuleki itakokedwa mpaka pamwamba, aonenso ngati dzanja likufika bwino pa giya ndi pomangira lamba. Pa chivundikiro chimene chimasendera kutsogolo ndi kumbuyo, kukhuthala kulikonse koonjezera m'mbali kumachigwira panjira.

Podula, yalani lekisini chadodolido, nkhope pansi, ndipo patani nayonso igone nkhope pansi. Mukasemphanitsa mudula chikopa cha mbali ina. Mbali yotamuka kwambiri idutse m'lifupi mwa chivundikiro, kuchokera kwa dalaivala kupita kwa pasenjala, chifukwa kumeneko ndiko kuli kupindika kwakukulu. Onjezani masentimita 2 kapena 3 kuzungulira konse kuti mukhale ndi pogwira pokoka. Chotsala mudzadula pomaliza, koma chopelewera sichionjezeka. Chikopa chakale chimakhala chitatamuka pena ndi kukwinyika pena, choncho yerekezani patani ndi chivundikiro chenichenicho musanaike lumo. Ngati chikopacho chili ndi misoko, ulusi ukhale wa poliyesita wochindikala, umene umapirira dzuwa kuposa wa nayiloni, ndipo mastichi atalikirane mamilimita 4 kapena 5. Mastichi othinana a telala wa malaya amaboola lekisini motsatizana, ndipo amang'ambikira pamzere womwewo mukangokoka.

Tembenuzani pulasitiki muone zilembo zosonyeza mtundu wake zimene zinadindidwa kunsi kwake. Mukapeza ABS, guluu agwira bwino bola mupale kaye ndi sandipepa ya 180 ndi kupukuta ndi spiriti. Mukapeza PP, guluu wamba sagwira mokhalitsa, n'chifukwa chake a kufakitale anaikapo mapini, ndipo inunso muyenera kutero. Thina wosungunulira penti ndi petulo musapukutire. Thina amasungunula ABS, petulo amasiya mafuta amene amakaniza guluu kugwira. Ngati chivundikiro chinkapakidwa polishi wonyezimiritsa dashibodi, pukutani kawiri kapena katatu ndi kansalu katsopano ulendo uliwonse, poti polishi ameneyu amakhala ndi silikoni, mdani wa guluu aliyense.

Pa guluu pomwepa tili ndi dandaulo kwa anzathu ena a ntchito. Supaguluu alibe malo pa chikopa cha galimoto. Amaumitsa lekisini, amasiya zoyera m'mbali, ndipo pouma paja ndi pamene pamayambira mng'alu watsopano. Guluu wopaka mbali ziwiri, wa mtundu umene osoka nsapato amagwiritsa ntchito, ndiye woyenera, koma ali ndi malamulo ake. Pakani mopyapyala pa pulasitiki ndi kuseri kwa lekisini, malo okhawo opindikira kunsi, ndipo dikirani mphindi 10 mpaka 15, kapena monga mwalembedwera pachitini, kufikira atasiya kumata chala. Mukaphatikiza adakali wamadzi, mpweya wake umatsekeredwa mkati, chikopa chimatupa, ndipo dzuwa likawomba chimamatuka. Nyengo ya mvula amachedwa kuuma, musamuthamangitse. Pakirani panja kapena pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi fodya, chifukwa mpweya wake umayaka komanso umazunguza mutu. Pamwamba pa chivundikiro chotukuka sipafunika guluu, kukoka kokha kumagwira chikopa. Pamene pali polowa mkati ndi pamene muyenera kumata, apo ayi chikopa chimadumpha dzenjelo n'kukhala lende.

Lekisini wozizira samvera. Muyanikeni padzuwa mphindi 10 kapena 15 afewe, ndipo njira imeneyi sidikira kuti magetsi abwere. Dulaya ya tsitsi imathandiza m'makona. Amene ali ndi heat gun, makina ouzira mpweya wotentha kwambiri, aitalikitse masentimita 15 mpaka 20 ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Lekisini akayamba kunyezimira ndiye kuti wapsa, timizere take tafufutika, ndipo sizibwereranso.

Ikani chikopa pa chivundikiro, chizindikiro cha pakati chikumane ndi chinzake, misoko igone m'mphepete mofanana mbali zonse, ndipo gwirizitsani ndi mapegi. Kukoka kwake n'kofanana ndi kukunga ng'oma: mbali zoyang'anana, osati kuzungulira. Yambani pakati kutsogolo ndi mapini awiri, kokani pakati kumbuyo, kenako pakati kumanja ndi pakati kumanzere. Tembenuzani muone ngati msoko sunakhote, chifukwa apa m'pamene mungakonze mosavuta. Kuchokera apo pitirizani kulowera kumakona, pang'ono uku pang'ono uko, mapini atalikirane sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Kokani ndi chikhatho chonse, osati ndi zala ziwiri, poti zala zimasiya mizere yooneka pamwamba. Musakokenso mpaka siponji kuphwatalala. Chikopa chokungika mopitirira chimaonetsa chilema chilichonse cha pansi, ndipo chimakoka guluu usana ndi usiku mpaka atagonja.

Makona ndiwo omaliza, ndipo ndi amene amaonetsa mmisiri. Fundutsani kona, kokani nsonga yake molunjika pakati pa chivundikiro, imenyeni pini, ndiyeno gawani chotsalacho m'timapindo ting'onoting'ono tambiri kumbali zonse ziwiri, tonse tili kunsi kosaoneka. Pindo limodzi lalikulu limatulukira m'mbali. Pamene lekisini wachuluka, dulani timipata tooneka ngati V, koma lumo liime mamilimita 5 kapena kuposerapo lisanafike pamphepete pooneka. Mukapitirira, kampatako kamang'ambika n'kukwera pamwamba pakapita masiku. Za mapini, yesani limodzi pamalo obisika muone ngati silikutulukira. Sitepula ya m'manja nthawi zambiri imalephera pulasitiki yolimba, mapini amangopindika. Ya mpweya ndiyo imalowetsa bwino, ndipo amene alibe ndi bwino apite nacho chivundikirocho kwa osoka mipando akamumenyere mapini okha, m'malo molowetsa misomali kapena masikuluu amene amang'alula pulasitiki.

Dulani chotsala chonse pafupi ndi mzere wa mapini. Tsegulani mabowo a masikuluu, malo a kaloko, a hinje ndi a timphira tija togunda chivundikiro chikamatsekeka. Kachidutswa kakang'ono kotsalira pa kaloko n'kokwanira kukakaniza kukola. Pobwezera masikuluu mu pulasitiki, yambani mwapotoza chobwerera m'mbuyo mpaka mumve kuti lagwera m'njira yake yakale, kenako mangani ndi dzanja. Mukalikakamiza limadula njira yatsopano, bowo n'kukula, ndipo chivundikiro chimayamba kugwedera ndi kulira pamsewu wa fumbi. Diliru yamagetsi isayandikire pamenepa. Masikuluu a hinje amangeni pang'ono kaye, tsekani chivundikiro kuti chikhale pamalo pake, ndiyeno mumalize kumanga.

Guluu amafuna tsiku lathunthu kuti agwire mokwanira, choncho maola 24 oyamba chivundikiro chikhale pamthunzi, osachitsamira. Timakwinya tating'ono timatha tokha chikopa chikafunda kangapo. Makwinya aakulu a pakona satha, pamenepo zulani mapini a konayo, fundutsani, mukokenso. Poyeretsa, kansalu konyowa ndi sopo wochepa n'zokwanira, polishi wonyezimira ndi mankhwala ochapira zimbudzi ayi. Oimika galimoto panja tsiku lonse, kaya ndi ku Cairo Road kaya ku Soweto, aike chotchinga dzuwa pa galasi lakutsogolo kapena ayale kathawulo pa chivundikirocho. Lekisini wakuda amatentha kwambiri kuposa wotuwa, choncho amene mkati mwa galimoto yawo ndi motuwa kale asasinthe mtundu pongofuna kubisa litsiro.

Ndife,
Osoka mipando ya magalimoto,
Lusaka